SAMUEL NTHARA NDI NCHITO YA KUPEKA NKHANI

Aphunzitsi ndi alaliki ena a m'mipingo ya ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 atifunsa funso limodzi kawiri kawiri, ndipo ife kuno ku Kanengo tayesa nkwabwino kuliyankha m'kalata muno, kuti onse amve pamodzi. Funsolo ndi ili: Kodi Mkristu akhoza kulemba mbiri ya munthu amene sanabadwe konse, namuika m'kamwa mau amene palibe anawanena, osalakwira lamulo loletsa umboni wonama? Ndipo ngati nkololeka, nkhani yotere ilembedwe motani kuti ithandize anthu? Sitifuna kuyankha ndi nzeru za m'mutu mwathu zokha, popeza alipo mphunzitsi mnzathu amene anatitsogolera pa njira imeneyi, ndiwo Bambo Samuel Josiah Nthara a ku Nkhoma. Tiyeni tione nchito yao, pamene iri yolimba ndi pamene iri yofooka, pakuti wophunzira weni weni apindula pa zonse ziwiri.

1. Kupeka ndi kunama

Poyamba tilongosole mau, cifukwa milandu yambiri ibadwa pa mau osalongosoka. Kunama ndiko kunena cosaona ndi mtima wofuna kuti wakumva aciyese coona. Kupeka ndi kwina. Timati uje wapeka nyimbo, ndiko kuti waiumba mu mtima mwace isanakhalepo, ndipo palibe munthu amucha wabodza cifukwa ca ico. Agogo poyamba nthano madzulo ati, Padangotero, ndi ana ayankha, Tiri tonse. Mau amenewa ndiwo pangano: wonena ndi akumva agwirizana kuti Kalulu ndi Fisi sanalankhulane tsiku liri lonse, koma kuti m'nkhaniyo muli coona ca mtima wa munthu. Pamene pali pangano lotere palibe cinyengo. Mneneri Natani anapita kwa Davide ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kamwana kace ka nkhosa. Munthuyo sanali m'kaundula wa Israyeli, koma nkhani yace inalasa mfumu mu mtima. Cotero pa funso loyamba tiyankha mosakayika kuti kupeka si cimo.

Koma pali malire. Wopeka ali mfulu pa maina, pa masiku ndi pa midzi. Pa makhalidwe a anthu sali mfulu konse. Akalemba kuti mbala inaleka kuba popanda cifukwa, kapena kuti wosauka anagona ndi njala mokondwa, pamenepo wanama ndithu, lingakhale dzinalo liri lopeka. Uwu ndiwo muyeso umene tiyesa nao mabuku a Bambo Nthara, ndipo tidzayesa nao anu omwe.

2. Mphunzitsi wolemba

Bambo Nthara anabadwa m'caka ca 1905, namwalira mu 1976. Azungu analemba dzina lao Ntara, posamva mpweya umene ife tiumva pambuyo pa t, ndipo m'mabuku a Cingerezi lioneka cotero. Pamene iwo anabadwa, Mishoni ya Dutch Reformed inali itakhala m'dziko muno zaka 16 zokha, popeza inayamba pa Mvera mu 1889, nifika ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896. Buku Lopatulika lathunthu m'Cinyanja linaturuka mu 1922, iwo ali mnyamata wa zaka 17. Tichula zaka izi kuti muone kuti pamene iwo anagwira colembera, mabuku a m'cinenero cathu anali owerengeka, ndipo ambiri anali a sukulu ndi a mpingo: Malembo, katekisma, nyimbo, mabuku ophunzirira kuwerenga, ndi nthano zina zimene Azungu anasonkhanitsa. Njira imene iwo anafuna kuyenda inali yosalambula.

Nchito yao yodyera inali uphunzitsi. Inu amene mugwira nchito yomweyo mudziwa kuti tsiku la mphunzitsi wa Mishoni silisiya danga: m'mawa ana, masana munda, Lamulungu kulalikira ndi kuphunzitsa a m'kalasi ya ubatizo, ndi alendo pakhomo masiku onse. Buku la mphunzitsi lilembedwa ndi nthawi yotsala, anzace atagona. Olemba Cicewa ochuka amene anadza pambuyo, monga John Gwengwe ndi E. J. Chadza, naonso anali anthu a sukulu. Kwathu kuno kulemba kwakhala ngati dimba limene munthu alima atacoka ku munda waukuru, ndipo wofuna kulowa nchitoyi adziwiretu zimenezi.

Mu 1926 ku London kunakhazikidwa bungwe la zinenero ndi miyambo ya mu Africa, dzina lace International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linayambitsa mpikisano wa mabuku olembedwa ndi eni dziko m'zinenero zao. Bambo Nthara anatumiza nkhani yao ya Nthondo, napata mphotho. Bukulo linasindikizidwa pa Nkhoma mu 1933. Ndipo mu 1934 linaturuka ku London m'Cingerezi, lotembenuzidwa ndi Thomas Cullen Young wa Mishoni ya Livingstonia, ndi mau otsogolera a Julian Huxley, katswiri wa zamoyo. Mpikisano womwewo unabala Omenuko, buku la Pita Nwana la m'cinenero ca Igbo ku Nigeria. Buku lochuka la Chinua Achebe, Things Fall Apart, linadza mu 1958, patapita zaka 25. Tisadziyese ocedwa pa nchito imeneyi.

Pali kanthu kena koyenera kuzindikira. Mwini wace anacha buku lace dzina la munthu mmodzi, Nthondo. Koma ku London analicha Man of Africa, ndiko kunena kuti Munthu wa mu Africa. Owerenga a ku Ulaya anafuna citsanzo ca mtundu wonse, cimene angaphunzirepo miyambo. Wolemba anawapatsa munthu mmodzi, wa amai ace, wa mudzi wace, wa zolakwa zace zace. Ife tiyesa dzina loyamba ndilo loona. Nkhani yopeka ikhala ndi moyo pamene igwira munthu mmodzi molimba, ndipo mtundu wonse uoneka wokha mwa iyeyo.

3. Pamene Nthondo liri lolimba

Nkhaniyo iyamba pa kubadwa kwa Nthondo, nifika pa imfa yace. Atate ace amwalira iye akali mwana. Akula wopulupudza, nakhala wakuba. Acoka kwao kukafuna nchito kutali. Abwera, nalowa ufumu wa pamudzi. Ndipo pomarizira atembenuka mtima nakhala Mkristu. Mwacidule cotere nkhaniyo ioneka ngati ulaliki wamba, wa munthu woipa amene anakhala wabwino. Koma wowerenga buku lonse apeza kuti gawo lalikuru liri la masiku amene Nthondo sanamve Uthenga, ndipo m'gawo limenelo ndimo muli cuma.

Coyamba ndico kudekha. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Bambo Nthara anadekha. Za kubadwa kwa mwana, za mankhwala, za kuombeza ula, za maliro, za milandu ya pabwalo, zonsezi aziika pamaso pathu monga zinali kucitika, osaima pa ciri conse kuti adzudzule. Kumbukirani nthawi yace. Mishoni imene iwo anali kuitumikira inali kulimbana kolimba ndi nyau ndi miyambo yina ya makolo, ndipo kunali kwapafupi kwa mphunzitsi kulemba za mudzi wakale monga dzenje la mdima lokha lokha. Iwo sanatero. Anthu a m'bukulo ali ndi mantha ao ndi zoipa zao, komanso alera ana, alandira alendo, alira akufa ao, ndipo adziwa kuweruza mlandu. Wowerenga wa kumudzi anazindikira amai ace ndi amalume ace m'menemo, ndipo munthu akazindikira abale ace m'buku akhulupirira zotsalazo.

Caciwiri ndico kulimba mtima kwa kuika wocimwa pakati pa bwalo. M'nthano zathu wakuba wocenjera ndiye Kalulu, ndipo tiseka naye. M'mabuku a mpingo woyenera kumtsata ndiye woyera mtima, ndipo timlemekeza. Nthondo sali Kalulu, sali woyera mtima. Ali mwana wamasiye amene timuona alikuipa pang'ono pang'ono, ndipo popeza tinamuona ali khanda sitingathe kumtaya. Apa pali phunziro la abusa: munthu amene udziwa ciyambi cace umdzudzula mosiyana ndi amene wangomuona pa tsiku la mlandu.

Cacitatu ndico kulola anthu kuti alankhule okha. Mwambo ukalongosoledwa ndi wolemba ukhala phunziro la m'kalasi. Ukaturuka m'kamwa mwa nkhalamba imene irikulangiza kapena kukalipa, ukhala moyo. Bambo Nthara anali ndi khutu la mau a anthu, ndipo pambuyo pace anasonkhanitsa ena m'buku lao la Mau Okuluwika m'Cinyanja.

4. Pamene liri lofooka

Tinene tsopano cimene ena sadzakondwera naco. Kutembenuka kwa Nthondo kudza kumapeto, ndipo kufika msanga poyerekeza ndi ulendo wautali wa kuipa kwace. Wolemba amene anadekha pa maliro ndi pa ula afulumira pofika pa cisomo. Sitinena kuti kutembenukako nkonama, pakuti taona tokha mbala zolapa ndi mafumu obatizidwa. Ndipo sitinena kuti Bambo Nthara analemba cimene sanacikhulupirire, popeza anali Mkristu ndi wanchito wa mpingo. Tinena kuti mwa muyeso umene taika pamwambapa, gawo limeneli lilemera pang'ono koposa magawo oyamba. M'magawo oyamba wolemba ali mboni, nanena zimene anaona ndi kumva. M'gawo lotsiriza ayandikira ku gome la mlaliki, nanena zimene ziyenera kucitika.

Cifukwa cina ca ici ciri pa cosindikizira. Masiku aja wolemba Cinyanja anali ndi makomo owerengeka ogogodapo, ndipo pafupi pafupi onse anali a Mishoni. Bungwe la boma losindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland linadza mu 1948. Mwini makina osindikizira afuna buku logwirizana ndi nchito yace, ndipo wolemba adziwa zimenezi asanayambe tsamba loyamba. Ku Lesotho kunacitika cinthu coti tiphunzirepo. Thomas Mofolo analemba nkhani ya munthu wofuna Mulungu, Moeti oa Bochabela, ndipo Mishoni ya ku Morija inaisindikiza mu 1907. Koma buku lace lalikuru, Chaka, limene linatha kulembedwa pafupi ndi 1910, linadikira kufikira 1925. Mofolo anacoka ku Morija nalowa nchito zina, ndipo sanatulutsenso buku lina. Ife a makalata a mpingo tiyenera kumva mau awa ndi manyazi pang'ono: cosindikizira ca Mishoni cinabala olemba athu oyamba, ndipo comweco cinawapimira msinkhu.

5. Miyendo ya wolemba

Wina angafunse kuti kudekha kumene tayamikaku Bambo Nthara anakutenga kuti. Mabuku ao ena ayankha. M'zaka za m'ma 1940 anatulutsa Mbiri ya Acewa, yocokera m'zonena za akuru a m'midzi, imene inatembenuzidwa m'Cingerezi mu 1973. Analembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Cibanzi m'dziko la Dowa, imene inalima tirigu, nicotsa nyau m'mudzi mwace, nilandira sukulu. Cullen Young anaitembenuza, nituruka ku London mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Caka comweco kunaturuka Nchowa, nkhani yopeka ya moyo wa mkazi. Pambuyo pace analemba mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba a Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925 pamodzi ndi Andreas Namkumba.

Taonani tsono kuti munthu yemweyo anali wopeka nkhani ndi wofunsa mbiri, ndipo nchito ziwirizi zinali kudyetsana. Wolemba mbiri ya mfumu yeni yeni sangathe kukhala m'nyumba. Ayenera kuyenda, kukhala pansi pa mphasa, kupereka ulemu, kufunsa, ndi kumva nkhani imodzi kwa anthu atatu osagwirizana. Wozolowera kutero, akadzapeka munthu wace, apeka ndi zipangizo zoona, monga woumba mbiya aumba maonekedwe a mu mtima mwace koma dothi akumba ku dambo. Safunsa anadya phula. Ndipo wolemba wosafunsa adyetsa phula owerenga ace.

6. Za cinenero

Popeza kalata ino iri ya malamulo a cinenero ndi miyambo, tionjezepo malangizo ena ocokera m'zolemba zimene aphunzitsi atitumizira. Zitsanzo ziri m'munsizi nzathu.

Coyamba, onetsani cinthu ceni ceni. Wina alemba kuti, Mkaziyo anali wosauka kwambiri ndipo anamva cisoni cacikuru. Mauwa ali oona koma ozizira. Lembani kuti, Anakung'untha thumba la ufa pamwamba pa mphika, ndipo ana anangoti duu, maso pa mthiko. Simunachule umphawi, koma wowerenga waumva m'mimba.

Caciwiri, dziwani liwiro la aneni. Na- wolumikiza athamangitsa nkhani: anadzuka, natenga khasu, napita. Koma -nka- aikhazika pansi, nationetsa cizolowezi: ankapita ku dimba mamawa. Wolemba wodziwa asinthanitsa ziwirizi monga woyimba ng'oma asinthanitsa manja. Ndipo pa nthawi yakale sankhani -na- kapena -da-, musasakanize popanda cifukwa m'ndime imodzi.

Cacitatu, ulemu wa m'kamwa ndiwo uonetsa ubale. Mkamwini sanena iwe kwa apongozi ace, ndipo asuweni salankhulana ngati pabwalo la mfumu. Mukalakwa apa, wowerenga adziwa pomwepo kuti simunakhale pakati pa anthuwo. Koma munthu wa m'nkhani yanu akaswa ulemu dala, natukula mau kwa amalume ace, mwanena zambiri za mtima wace popanda kulongosola.

Cacinai, cenjerani ndi Cingerezi cobvala nsaru ya Cicewa. Mcewa sapanga cisankho, angosankha. Sapereka thandizo la maganizo, alangiza. Werengani mokweza zimene mwalemba pamaso pa gogo wosaphunzira sukulu. Pamene iye ati, Mwati bwanji? pomwepo pali cilema.

7. Nthondo wa masiku ano

Tsopano tibwere kwathu. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Dowa, ku Dedza, ku Kasungu ndi kwina akhala alikutsikira kuno. M'nyengo ya malonda a fodya tiona malole a mabelo atandanda pa mseu wa ku okushoni. Tiona nkhokwe zazitali za cimanga. Ndipo mbandakuca tiona anyamata ocokera ku Mgona alikuyenda pansi kudzaima pa zipata za mafakitale kudikira ganyu. Pakati pao pali Nthondo wa lero. Koma moyo wace wasiyana ndi wa m'buku lija. Nthondo wakale anacoka kwao nabwerera ku mudzi umene unali ndi bwalo, ndi akuru, ndi ufumu womdikira. Wa leroyu kawiri kawiri sabwerera. Mwini mbumba wace ali kutali, ndipo amene agogoda pa citseko cace pakutha pa mwezi ndiye mwini nyumba. Akadwala, akaba, akakwatira popanda ankhoswe, afotokoza kwa yani? Nthawi zambiri afotokoza kwa inu.

Ici ndico cifukwa cace talemba zonsezi kwa aphunzitsi ndi alaliki. Gawo limene Bambo Nthara analifupikitsa ndilo limene inu mulidziwa koposa anthu onse. Inu mudziwa kuti kutembenuka mtima kuyenda ngati nkhono: munthu alowa kalasi, aleka, abweranso, abatizidwa, agwa, aimitsidwa pa Mgonero, akhala kumbuyo kwa kacisi caka cathunthu ndi manyazi, ndipo tsiku lina abwezedwa. Mudziwa mkazi amene apemphera Lamulungu napita kwa sing'anga Lolemba, wosati cifukwa ca kuipa mtima koma cifukwa mwana alikutentha thupi. Mudziwa mkuru wa mpingo amene aopa ufiti ngakhale auletsa pa gome. Ndani adzalemba zimenezi ndi kudekha kumene Bambo Nthara analemba nako maliro ndi ula? Buku lotere lidzalalikira koposa nkhani khumi za woipa amene asanduka mngelo pa tsamba lotsiriza, pakuti wocimwa weni weni powerenga nkhani zotero ati, Uyu si ine, natseka buku.

Koma sungani cinsinsi ca nkhosa zanu. Zimene munthu anakuuzani ndi misozi si zanu kuti muzigulitse. Apa ndipo kupeka kukhala cifundo: sinthani dzina, sinthani mudzi, tengani anthu atatu muumbe mmodzi, kufikira mwini wace sangathe kulozedwa cala, ngakhale onse owerenga adzaona nkhope zao.

Tsono ciweruzo cathu ndi ici. Nthondo ndi buku loyenera kuwerengedwa ndi mphunzitsi ali yense, ndipo wopeza kope lace alisunge bwino ndi kubwereka anzace. Tiliyamika cifukwa wolemba anayang'ana anthu ace nthawi yaitali asanawaweruze; tilidandaula pamene analeka kuyang'ana nafulumira kumariza. Amene mwa inu ali ndi mphatso imeneyi agule kope la masamba ambiri, ayambe ndi munthu mmodzi wa m'dera lace, alembe tsamba limodzi usiku uli wonse, ndipo pofika pa kulapa kwa munthuyo acepetse liwiro. Zimene mudzalemba titumizireni, ndipo tidzaziwerenga ndi muyeso womwewu.